Chaka Chimene Ndinavala Ndolo za Jipisi

Ndikukumbukira basi yachikasu imene inkatinyamula ku South B, mu mzinda wa Nairobi, m'mawa wa mwezi wa Juni, kuli chisanu, magalasi atachita nkhungu ndi mpweya wathu. Bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina la zaumoyo ku Upper Hill, ndipo anatipezera malo pa sukulu ina ya azungu cha ku Karen, kumene mitengo inali yambiri kuposa anthu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Kunyumba ndinali Tadala wolankhula Chichewa, pageti ndinkagula chimanga chootcha m'Chiswahili, kusukulu ndinali kamtsikana kaphokoso kokonda kukweza dzanja ngakhale yankho sikakulidziwa.

Mnzanga wa pa desiki anali Mirela. Anabwera chaka chomwecho kuchokera ku Romania, chifukwa bambo ake, dokotala wa matenda a m'chifuwa, anapeza ntchito kumene kunkagwira bambo anga. Mirela anali wa khungu loderapo, tsitsi lakuda bii, wosalankhulalankhula, koma masamu ankawadziwa ngati anabadwa nawo. Pa buleki tinkasinthana chakudya. Ine ndinkamupatsa mandasi a amayi, iye ankandipatsa tchizi choyera chamchere chimene poyamba ndinkachilavulira m'maluwa.

Chaka chilichonse aphunzitsi athu, Mayi Pemberton, ankalemba okha sewero lotsekera sukulu. Ine mwayi unkandidutsa. Chaka china ndinali mtengo, chaka chotsatira nkhosa yachitatu, yopanda ngakhale mawu olira. Sewero la chaka chimenecho linali la mudzi wina wa ku Ulaya, wa anthu abwinoabwino, kumene kunafika ngolo ya majipisi. Nkhuku zinayamba kusowa, kenako zovala pa chingwe, mapeto ake kunasowa mwana. Munali nkhalamba ya chijipisi yoona m'manja mwa anthu n'kumawalosera mwayi, dzanja linali likuwapisa m'thumba. Pomaliza apolisi ankawathamangitsa ndipo mudzi wonse unkaimba nyimbo yachisangalalo.

Majipisi ndinkawadziwa kuchokera m'mabuku a zithunzi a ku laibulale ndi m'makatuni: mayi wa duku, ndolo zazikulu, maso akuthwa. Sindinaganizepo kuti ndi anthu enieni. Ndinkawaika gulu limodzi ndi zimphona ndi mfiti zokwera matsache.

Tsiku logawa malo, Mayi Pemberton anayang'ana kalasi yonse pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Mirela, iwe ukhala nkhalamba yolosera. Nkhope yako ikuyenera ndithu." Mirela anawerama, nati pakhosi pakumuwawa, sangathe kukweza mawu. Aphunzitsi asanamalize kuusa moyo, dzanja langa linali kale m'mwamba, ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Malo aja anakhala anga.

Sabata imeneyo palibe anapuma. Ndinkayenda mowerama, kulankhula mosasa mawu, kugwira dzanja la aliyense n'kumulosera kuti adzakwatiwa ndi kondakitala wa matatu, maminibasi a kumeneko, kwinaku ndikumusolola pensulo. Kalasi inkafa ndi kuseka. Nditagwira dzanja la Mirela, analisolola ngati wakhudza mbaula. Mawa lake anapempha kusamukira desiki ya kutsogolo, ndipo pa buleki ndinadya ndekha mandasi onse anayi. Kunyumba ndinauza amayi kuti Mirela ndi wansanje, anakana yekha malowo ndiye pano akundichitira kaduka. Amayi anangoti ana aakazi mumatero, n'kupitiriza kulumikiza zitenje zitatu pa makina kuti zikhale siketi ya nkhalamba ija.

Loweruka masana kunabwera bambo a Mirela. Bambo anga anali ku ntchito ku Kisumu, choncho amayi ndi amene anawalandira n'kuwapatsa tiyi. Ine nditapereka moni ndinakhala pansi cha pakhomo la kukhitchini. Adokotala anakhala kunsonga kwa mpando, maso ali pa siketi ija pa makina, kapu ikuzizira m'manja.

"Mayi, ndabwera pa nkhani ya sewero lija," iwo anatero m'Chingerezi chawo cholemera. "Ife ndife Aroma."

Kwathu munthu akati ndi wa Aroma ndiye kuti ndi Mkatolika. Amayi anamwetulira mokoma mtima.

"Palibe vuto, adokotala. Ife si Aroma koma timagwirizana nawo bwino. Mlamu wanga weniweni ndi katekisiti."

Mpaka lero mukawakumbutsa mawu amenewa amadziphimba kumaso ndi chitenje. Adokotala anaseka pang'ono, kenako anafotokoza kuti si za tchalitchi. Anthu amene ena amawatcha majipisi, dzina lawo lenileni ndi Aroma. Ali ndi chiyankhulo chawo, akhala ku Ulaya kuyambira kalekale, ndipo iwowo ndi Mirela ndi amtundu umenewo.

Sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Anati ali mwana ankakhazikidwa benchi ya kumbuyo, ndipo choko chikasowa aphunzitsi ankayambira kupisa m'matumba mwawo. Anatsala pang'ono kutumizidwa ku kalasi ya ana ovutika kumva maphunziro popanda kuwayesa n'komwe, kungoona dzina ndi khungu, mpaka mayi awo anakaima pakhomo la ahedi masiku atatu. Anati kwawo wakuba akagwidwa, pa TV amatchula mtundu wake ngati ali Mroma, koma iwo atamaliza udokotala palibe anatchula mtundu. Chisankho chikayandikira, andale ena amalonjeza kugwetsa nyumba za Aroma ndipo anthu amawaombera m'manja.

"Ndinaganiza kuti kuno mwana wanga apumako," anatero. "Ndinamuuza kuti asauze munthu. Mwina ndinalakwa."

Anali atalembera kale Mayi Pemberton, amene anayankha kuti ndi kasewero chabe kosangalatsa ana. Anayesa makolo ena kuti apite nawo kwa ahedi, onse anali otanganidwa. Amayi anatembenukira kwa ine m'Chichewa. "Tadala, chotsa nsaluzo pamakinapo."

Lolemba amayi anakwera maminibasi awiri kupita ku Karen, kukaonana ndi ahedi limodzi ndi bambo a Mirela. Zimene zinachitika kumeneko anadzandifotokozera okha, akutsanzira mawu a aliyense. Ahedi anamvetsera akugwedeza mutu n'kuitanitsa tiyi ndi mabisiketi. Mayi Pemberton analira, nati iwo amakonda anthu a mitundu yonse, akhala mu Africa zaka zambirimbiri, sanachitirepo mwana tsankho. Nthawi yambiri inathera powatonthoza iwowo, ndipo amene anawapatsa mpango wopukutira misozi anali bambo a Mirela. Amayi anafunsa kuti likanakhala sewero la anthu akuda oba nkhuku, akanandiveka ine, mwana wawo, zovala za sewerolo? Ahedi anati zimenezo n'zosiyana. Amayi anati zikusiyana pati? Ahedi anayang'ana wotchi.

Chigamulo chinali chakuti nthawi yatha, ana aloweza kale mawu, choncho angochotsa liwu loti jipisi n'kuikapo alendo oyendayenda. Ngolo inali yomweyo, ndolo zomwezo, nkhuku zomwezo, ndi mwana wobedwa yemweyo. Ahedi anawaperekeza mpaka pageti akuwathokoza chifukwa cha zokambirana zabwino.

Madzulo ake amayi anandiuza kuti, "Ine siketi ija sindisoka, ndipo kumeneko sindipondako. Iweyo sindikuletsa. Unamva wekha zimene ananena bambo aja, mutu uli nawo."

Apa ndi pamene pamandinyansa ndikakumbukira. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinakana. Ndinalira, ndinamenyetsa chitseko, kenako ndinadziuza kuti liwu loipa lija alichotsa, nanga vuto latsala pati? Zaka ziwiri ndili mtengo ndi nkhosa, lero ndisiye chifukwa cha munthu amene sakundilankhula n'komwe? Sukulu inandipatsa siketi ya m'bokosi la zovala zamasewero, yonunkha nkhungu, ndi mphete za makatani ngati ndolo.

Sewero linachitika Lachisanu masana m'holo yonunkha polishi. Bambo anabwera okha, ati kuti ana asamaoneke ngati amasiye. Mpando wa Mirela unali wopanda munthu. Ndipo ndinasewera bwino, sindinama. Ndinapisa m'thumba la wapolisi mochenjera moti holo yonse inagwa ndi phwete, ndipo pomaliza anandiombera m'manja kuposa aliyense. Tili panja, mayi wina wa mnzathu wa m'kalasi anandigwira tsaya. "Wachita ndendende ngati enieniwo! Tiye nazoni, tibise makiyi a galimoto." Palibe anafunsa kuti enieni ake ati. Aliyense m'holo muja ankadziwa amene tinkawanena, liwu lija lilipo kapena palibe. Bambo anaseka kaseko kawo ka kuofesi. M'galimoto ndinavula mphete zija, makutu akuwawa.

Teremu yotsatira Mirela sanabwerere. Anamusamutsira sukulu ina. Mayi Pemberton anatiuza kuti n'zachisoni, anali mwana wanzeru koma wosachedwa kukhumudwa.

Ndinadzamupeza pa intaneti ndili kale pantchito, n'kumulembera kalata yaitali yopepesa. Anayankha patapita milungu itatu, mizere iwiri yokha. Anati za sewerolo safuna kukambanso, koma ndiwapatsire moni amayi, chifukwa mwa makolo onse a kalasi ija ndi iwo okha amene ananyamuka.

Masiku ano zinthu akuti zinasintha. Ndinabwereranso ku Nairobi, ndili ndi ana anga, ndipo sukulu yawo ili ndi malamulo a masamba ambiri oletsa tsankho. Sewero lotere sangalionetse. Ana amavala zovala za kwawo tsiku la zikhalidwe, amadya zakudya za mitundu ina, makolo n'kujambula. Koma ndinayang'ana m'mabuku awo onse, Aroma mulibe ngakhale tsamba limodzi. Anachotsa wakuba wa m'nthano uja osaikapo munthu weniweni, ndiye mwana akadzamva za iwo adzamvera pa foni, m'timavidiyo ta anthu ojambula amayi opemphetsa pa siteshoni.

Ndipo inu Amalawi anzanga musandiyambe. Ife amene timadandaula kuti m'masitolo a ku Ulaya alonda amatitsatira kumbuyo, ndi ife tomwe timatumizirana uthenga pa gulu lathu la pafoni kuti opita kumisonkhano muchenjere ndi majipisi. Mwezi watha a Gondwe, bambo aulemu amene timagwira nawo ntchito ku Upper Hill, anabwera kuchokera ku Ulaya akusimba pa tiyi kuti m'sitima anakhala moyang'anana ndi banja la majipisi, ndipo anakumbatira chikwama ulendo wonse.

"Anakuberani chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe, ndinali tcheru."

"Munalankhula nawo?"

"Ndilankhule nawo chiyani?"

"Nanga munadziwa bwanji kuti ndi akuba?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake madzi amanyowetsa. "Achemwali, zimenezo aliyense amadziwa."

Ndinayamba kuwafotokozera, koma foni yawo inalira ndipo anatuluka akundikweza dzanja kuti tidzapitiriza. Ndinatsala ndi mnyamata wina watsopano wa muofesi, wochokera ku Zomba, amene anamva zonsezi. Anaika kapu pansi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi anthu amenewa alipodi?" Ndinakoka mpando, ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo msonkhano wa teni koloko tinachedwa tonse awiri.