Foni Imene Mwamuna Saloledwa Kuyang'anamo

Pa Nkhotakota Boma, mtsikana wa Chisilamu akatsala pang'ono kukwatiwa, amayi ake amayamba aonana ndi mayi Tatu asanaonane ndi shehe. Shehe amatha kusuntha tsiku, mayi Tatu sasuntha. Ntchito yawo ndi kukongoletsa akwatibwi: kuluka tsitsi, kudetsa zikope, kujambula maluwa a hina m'manja ndi m'mapazi, ndi kumanga mpango mwanjira yoti usagwe ngakhale achibale amukumbatire mkwatibwiyo ndi mphamvu zawo zonse. Anaiphunzira kwa azakhali awo, amene maluko ndi maluwa onse ankasunga m'mutu. Mutu mayi Tatu nawonso ali nawo, koma anaona kuti atsikana a masiku ano sakhulupirira chinthu chimene sanachione. Atangopeza foni ya kamera anayamba kujambula.

Amajambula nthawi imodzi yokha: akamaliza kuluka, mpango usanafike kumutu. Ndiyo nthawi imene ntchito yawo imaoneka yonse, ndiponso ndiyo nthawi imene mwamuna wakunja saloledwa kumuona mkwatibwi. Choncho asanadine batani amanena mawu omwewo kwa aliyense: "Chithunzi ichi chidzaonedwa ndi akazi okhaokha. Wallahi." Akwatibwi a pa Boma, a ku Malengachanzi, ena mpaka a ku Ngala, onse analimva lumbiro limeneli, ndipo anaweramitsa mutu kuti luko lituluke bwino.

Zaka zikupita, foniyo inasanduka sitolo yawo. Mtsikana ankabwera ndi anzake, chitseko n'kutsekedwa, zala n'kumakankha zithunzi mpaka wina akuwe kuti, "Ichi!" Malemu amuna awo, bambo Chande, anakhala nyumba imodzi ndi foniyo osaikhudza. Ikalira mayi Tatu ali kubafa, bamboyo ankangoiyang'ana cham'mbali n'kukuwa kuti, "Akazi anu aja akukufunani!"

Koma foni imakalamba msanga kuposa mwini wake. Batire linatupa mpaka chivundikiro chakumbuyo chinayamba kuyasama, ndipo anachimanga ndi mphira. Kenako theka la m'munsi la sikirini linasiya kumva chala. Zithunzi zinkaoneka ndithu, koma mabatani ozitumizira kwina onse anali m'dera lakufalo. Mwana wawo Nadia, amene ali ku Joni ndi mwamuna wake, anatumiza foni yatsopano, yosalala, yopanda ngakhale mkwatibwi mmodzi. Atsikana apafupi odziwa mafoni anayesa kusamutsa zithunzizo, anaizondotsa foni yakaleyo, anaipukuta, anaiuzira mpweya. Sizinatheke.

Mwamwayi, masiku omwewo kunali maphunziro a amayi a bizinesi zing'onozing'ono, okonzedwa ndi bungwe lina mogwirizana ndi ofesi ina ya boma, pa mutu wakuti amayi asatsalire pa luso lamakono. Maphunzirowo anatsegulidwa ndi mapemphero a zipembedzo zonse, kenako anthu anadikira mlendo wolemekezeka, amene atafika anawatsegulanso. Pofika nthawi ya phunziro lenileni netiweki inali itachoka, choncho mphunzitsi, bambo Raston, anajambula intaneti papepala lalikulu ndi cholembera chobiriwira.

Anafotokoza za chinthu chotchedwa kilaudi. Anati munthu safunikanso kudalira foni yake: zithunzi amazitumiza ku makompyuta akuluakulu a kunja kwa dziko, ndipo foni ikagwera m'nyanja zithunzizo zimatsala zouma. Mayi Tatu anachita chidwi kwambiri. Anakweza dzanja.

"Abwana, makompyuta amenewo amawayang'anira ndani?"

"Akatswiri, mayi."

"Aamuna kapena aakazi?"

Bambo Raston anati zithunzizo zimakhala zokhomedwa ndi manambala achinsinsi, ndiponso akatswiriwo ndi anthu otanganidwa, alibe nthawi yoyang'ana tsitsi la ku Nkhotakota. Mayi Tatu anavomera kuti mwina n'zoona, kungoti lumbiro lawo silinanene kuti akazi okhaokha ndi amuna otanganidwa. Bambo Raston anati funsolo ndi lofunika zedi, likukhudza nkhani za jenda, ndipo alitumiza ku likulu. Mpaka lero likadali pa ulendo.

Kunatsala Dyton, wokonza mafoni pafupi ndi msika, mwana wa mnzawo amene ankagulitsa naye usipa kalekale. Vuto la pa benchi ya Dyton si Dyton mwini. Ndi anyamata a kabaza amene amadikirira makasitomala pakhomo pake, moti foni iliyonse ikangoyaka mitu yonse imaweramirapo ngati nkhuku pa madeya.

"Iyi n'njosavuta, mayi," anatero Dyton ataitembenuza foniyo ili chozimitsa. "Ndiilumikiza ku laputopu, zonse zitsika, ndiziika mu yatsopanoyi. Pitani mukagule ndiwo, mupeza zatha."

"Zikamatsika, iweyo uziyang'ana kuti?"

"Pa laputopu."

"Ndiye ayi."

"Nditsinzina."

"Iwe Dyton, ine ndinakuona ukukwawa pamchenga wopanda kabudula. Chibadwire sunatsinzinepo."

Dyton anati njira ina ndi kusintha sikirini, koma ya mtundu umenewo ku Nkhotakota kulibe, foni iyenera kupita ku Lilongwe kwa mnzake.

"Mnzakoyo ndi wamkazi?"

"Dzina lake ndi Tedson."

Nkhani ya Lilongwe inathera pomwepo.

Wina akanawauza mayiwo kuti apite nazo kwina. Koma Dyton ndi munthu amene vuto likamukanira ndi pamene limamukomera. Anakanda chibwano, anafufuza m'dirowa, n'kutulutsa mausi ya kompyuta, kachingwe kakafupi ndi kamemori khadi kakang'ono ngati chikhadabo. Anati mausiyo ikalumikizidwa ku foni imagwira ntchito ya chala, ngakhale pamalo pamene sikirini inafa. Zithunzi zikopedwe kupita pa khadi, khadiyo ichotsedwe n'kulowa mu foni yatsopano. Intaneti sifunika, laputopu sifunika.

"Koma muchita nokha, mayi. Ine ndikhala kuseri, ndizingolankhula."

Anamanga chitenje kuchokera pa msomali wina kufika pa wina, kachipindako n'kugawika pawiri. Mayi Tatu anakhala m'kati ndi tebulo, Dyton anakhala pa kireti kunja, atafulatira. A kabaza anasiya njinga zawo.

"Dyton, wayamba kuombeza?" anafunsa mmodzi.

"Ayi, wayamba uzamba," anatero wina, dzina lake Sharifu. "Tidikire timve mwana akulira."

Dyton anawachenjeza mayi Tatu za chinthu chimodzi: foniyo ili ndi kabowo kamodzi kokha, mausi ikalowa chaja sichingalowe, ndipo batire lotupa lija silichedwa kutha. "Yambani ndi zimene mukuzifuna kwambiri. Mwalowetsa? Mukuona kamuvi?"

"Ndikuona kanthu ngati udzudzu."

"Ndi komweko. Yendetsani mausi."

Kuseri kwa chitenje mayi Tatu anayesa.

"Sikakuyenda."

"Mwaigwira bwanji?"

"M'mwamba, ngati foni."

"Ikhale pa tebulo, mayi! Muziikhwekhwereza."

"Aa, kayenda! Taona, kakunditsatira! Kathawira pakona. Tebulo lakonso latha."

"Inyamuleni, muibweze pakati."

"Si iwe wandiuza kuti ndisainyamule?"

A kabaza anaseka mpaka wina anagwetsa njinga. Koma dzanja lozolowera kujambula tsamba la hina pa phazi la mtsikana wonjenjemera silinachedwe kugwirizana ndi kamuviko. Dyton ankatchula zinthu zimene sakuziona, mayi Tatu ankatchula zimene akuziona, ndipo penapake ankakumana. Zithunzizo zinali m'magulu potsata zaka. Anayamba ndi zatsopano, popeza mtsikana amafuna luko limene analiona pa ukwati wa nikaha wa mwezi watha. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pa sikirini, ndipo mayi Tatu anafuna kudziwa ngati zithunzizo zimalowa pa khadi chimodzichimodzi kapena zimapanikizana pakhomo, ndiponso ngati khadiyo ikadzaza imalemera. Dyton anati funso loyambalo alidziwa, lachiwirilo sanayezepo.

Vuto lina linali loti mayi Tatu sankatha kudutsa nkhope osaipatsa moni.

"Aa, uyu anabereka mapasa. Uyu anasamukira ku Dwangwa. Uyu analira tsiku lonse, hina yonse kufufutika."

"Mayi, batire!"

"Mayi Tatu," anaitana Sharifu, "mkazi wanga alimo?"

"Alimo."

"Ndiye ine ndili ndi ufulu woona."

"Uli nawo. Kunyumba kwako."

Foni inayamba kutentha. Magulu a zaka zaposachedwa anadutsa, a pakati anadutsanso. Anafika pa gulu lomaliza, la zaka zoyambirira. Mmenemo munali maluko akale amene atsikana sawafunsanso kawirikawiri, ena oti mayi Tatu sanawalukepo kwa nthawi yaitali. Munalinso manja a azakhali aja, okwinyika, akukonza tsitsi la akwatibwi omaliza amene anawakongoletsera limodzi. Nkhope yawo azakhaliwo sankalola kujambulidwa, koma manja ankalowa okha m'chithunzi. Kamzere kobiriwira kanangoyamba, sikirini inachita bii.

"Dyton, yazima."

"Chotsani mausi, lowetsani chaja."

Palibe chinachitika. Dyton analowetsa dzanja pansi pa chitenje ndi batire lina, mayi Tatu analiika, anadina batani mpaka chala kuwawa. Kunkangomveka kafungo ka waya wopsa. Ngakhale a kabaza anasiya nthabwala.

"Chapsa china m'kati," anatero Dyton, akadali chifulatirire. "Koma zithunzi sizipsa ndi zimenezo. Tedson ali ndi makina, akhoza kuzitulutsa. Kungoti ayenera kuziyang'ana kuti adziwe ngati zatuluka zonse."

"Ndiye zikadalimo?"

"Zilimo."

"Zikhalamo mpaka liti?"

"Mpaka wina adzatsegule."

Dyton anayesanso, motsitsa mawu, kuti Tedson ndi munthu wa banja, wopemphera, ndipo akazi amenewo sakuwadziwa, sadzakumana nawo mpaka imfa. Mayi Tatu anati akudziwa. Anati akanakhala kuti analumbira kwa Tedson bwenzi zili zosavuta. Anaimanganso foni yakufayo ndi mphira wake, n'kuiika pansi penipeni pa chikwama.

Khadi inalowa mu foni yatsopano, ndipo akwatibwi anatulukira mmodzimmodzi, owala kuposa kale. Mayi Tatu anazimitsa sikirini kaye asanamasule chitenje. Dyton anapempha kuti amusiyire foni yakaleyo ya masipeya. Mayi Tatu anangomuyang'ana, iye n'kunena kuti amangocheza.

Nkhani ya pa benchi ya Dyton sigona pamenepo. A kabaza amainyamula limodzi ndi makasitomala. Sabata isanathe, kunyumba kwa mayi Tatu kunafika Ummy, wogulitsa mpunga mumsika, mayi wa ana a sukulu, mmodzi wa akwatibwi a zaka zoyambirira zija.

"Anti, ndamva kuti ine ndatsekeredwa m'foni yakufa."

"Watsekeredwa, mwana wanga. Ndikanakutulutsa, koma pakhomo panali Tedson."

"Luko langa lija mukulikumbukira?"

"Kumbuyo ndikukumbukira. Kutsogolo kukundisokoneza."

"Kutsogolo ndikukumbukira ine, ndinakhala nalo mpaka linayamba kuyabwa." Ummy anatseka chitseko, anavula mpango n'kukhala pamkeka. "Lukani."

Tsitsi linali litachepa, ndipo mwina ndi mwina munali imvi. Anakangana pa mzere uliwonse, Ummy akuti unkapita kumanzere, mayi Tatu akuti azakhali sakanalola zimenezo. Anamasula, analukanso. Atafika pa mphumi, zala za mayi Tatu zinangopita zokha mpaka luko linatha. Anamupaka ndi hina yomwe, poti anali atayamba kale. Asanadine batani ananena mawu a nthawi zonse, Ummy n'kuweramitsa mutu.

Akwatibwi ena a zaka zimenezo atamva, anayamba kubwera paokha, wina ndi mwana kumsana, aliyense ndi mbali ya luko imene mutu wake unasunga. Manja a azakhali okha ndi amene sanabwerere. Ali m'foni ija, m'sutikesi, ndipo mayi Tatu akuti akudziwa pamene ali, zimenezo zikuwakwanira.

Tsiku limene analukidwa lija Ummy anabwerera kwawo masana, anavula mpango n'kukhala pampando wa pabalaza, manja a maluwa ali pamaondo, kudikira mwamuna wake Usman, munthu yekhayo pa dziko lonse amene anali ndi chilolezo choyang'ana. Usman analowa, anamupatsa moni, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa ngati wina waona pampu ya njinga.