Mwala wa Sipanala

Anthu ankawatchula Amakina chifukwa ntchito yawo inali yokonza makina osokera. Analibe shopu, analibe nyumba. Anali ndi galimoto yakale yotseka kumbuyo, momwe munali matiresi, mbaula, mabokosi a singano ndi malamba, ndi akazi awo amene ankasoka zigamba podikira. Tauni ino sabata, tauni inayo masiku atatu, kulikonse kumene telala wadandaula kuti makina akudula ulusi. Mwana wawo wamkazi anakulira m'galimotomo mpaka anakwatiwa. Pamalo pake panatsala galu.

Galuyo anamutola ali kamwana pansi pa benchi ya telala wina, ndipo anamutcha Sipanala chifukwa tsiku loyamba lomwelo anatafuna chikwama cha masipanala. Misewu ankaidziwa kuposa madalaivala ena amene amanyadira mapepala awo.

Galimotoyo inalibe buleki ya pamanja. Bulekiyo inafa kalekale, Sipanala asanabadwe. Choncho akaima paliponse, Amakina ankaika mwala kuseri kwa tayala lakumbuyo, mwala wakuda, waukulu ngati buledi, umene ankayenda nawo. Ponyamuka, amayi ankaponda buleki, Amakina n'kuchotsa mwala, n'kuuponya m'galimoto, galu n'kulumphira pambuyo pake. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha choncho.

Kenako Sipanala anagontha. Injini ikalira sankamva, dzina lake sankamva. Palibe anamuphunzitsa, koma anayamba kugona atatsamiritsa chibwano pamwala uja, kuti wouchotsa ayambe wadzutsa iye.

"Abambo, galuyu wakalamba," amayi ankatero. "Timusiye kwa mwana, akafere pakhonde ngati agalu a anthu."

"Inunso mwakalamba. Ndakusiyani kwa yani?"

"Mukanandisiya bwenzi ndikuthokoza. Msanawu ndi wa munthu, si sipuling'i."

Amakina ankaseka, koma yankho silinkasintha: galu satsala.

Mkamwini wawo anali makaniko, mwini galaja, wa mtundu wa anthu amene akaona chinthu chikuyenda mwa njira yakeyake manja amawayabwa. Tsiku lina Amakina ndi amayi atafika m'tauni yake, anaimika galimoto m'bwalo la galajayo, Amakina n'kupita wapansi kukakonza makina a telala wina. Pobwera madzulo anapeza mkamwini akupukuta manja, mano onse ali pamtunda.

"Apongozi, takokani apa."

Anakoka. Chitsulo cha buleki ya pamanja chinalira kete kete kete, galimoto n'kuuma nji.

"Nanga mwala uja?"

"Ndautaya kumpanda uko. Nthawi ya miyala inatha, apongozi."

Amakina anathokoza. Mpaka lero akakumbukira kuti anathokoza, amalavula. Mutu wawo unali ku sukulu ya zosokasoka ya m'tauni ina, kumene ankawadikira mawa lake masana ndi makina makumi awiri, ntchito ya mwezi wathunthu. Sanaone kuti galu wautsatira mwala wake kumpanda, n'kukagona nawo m'udzu, kuseri kwa migolo ya oyilo.

M'mawa ananyamuka mosavuta, ngati anthu olemera. Palibe anaponda buleki, palibe anawerama kutayala. Amayi ankayesa kuti abambo amukweza galu, abambo ankayesa kuti amayi amukweza. Atayenda maola atatu anaima kuti athire madzi mu injini, ndipo mwa chizolowezi Amakina anapita kumbuyo kukatenga mwala. Anatsegula chitseko. Munalibe mwala, munalibe galu.

"Ali kwa mwana, abambo, sali kutchire," anatero amayi. "Tikamutenga tikamaliza kusukulu."

"Mwezi?"

"Anthu aja akaitana wina. Mukudziwa kuti akaitana wina."

"Akadzuka n'kupeza tachoka, ayesa chiyani?"

"Galu sayesa kanthu."

Amakina anatembenuza galimoto pakati pa msewu, lole ina n'kuwaimbira hutala ndi kuwatukwana.

Ku galaja anapeza mwana wawo maso ali psuu. Mkamwini anatuluka pansi pa galimoto ya munthu, chipewa chili m'manja.

"Anadzuka dzuwa litakwera, apongozi. Ananunkhiza pomwe munaima paja, n'kutuluka pageti."

"Inu n'kumangoyang'ana?"

"Ndinamuitana ndithu."

"Munaitana gonthi. Sukulu yanu yonse ija, munaitana gonthi."

Anamufuna kumsika, kuseri kwa butchala, pomwetsera mafuta, m'ngalande za m'mbali mwa msewu. Amayi ankafuula dzina lake mpaka anakumbukira okha kuti n'zopanda pake, n'kutseka pakamwa ndi dzanja. Cha m'ma folo anamupeza kuseri kwa mzere wa mashopu a matelala, pamalo pamene ankaimika galimoto zaka zakale, mwana asanakwatiwe. Anali atagona pomwe pankakhala tayala lakumbuyo. Mwendo umodzi unali utapindika molakwika. Mayi wina wogulitsa mabatani anati njinga yamoto inamuomba pamphambano, iye n'kudzikoka mpaka pamenepo.

Sipanala anawayang'ana. Mchira sunagwedezeke.

Amakina anamunyamula, n'kumugoneka pamatiresi, n'kubwerera ku galaja. Anakatola mwala m'udzu muja. Kenako anatenga pulayala, n'kukwawira pansi pa galimoto yawo.

"Apongozi, waya wa bulekiwo ndi watsopano!"

"Ndaona. Wadukanso bwino."

Kusukulu anaitanadi wina, mnzawo wakale amene sadziwa n'komwe kusiyanitsa singano ya chikopa ndi ya nsalu. Mwendo wa Sipanala anaumanga kwa dokotala wa ziweto, koma sunalunge. Chimene chinawawawa Amakina si mwendowo. Ankaika mwala kutayala monga kale, n'kumutsitsa galu, n'kumuonetsa, n'kumugwiritsa chibwano pamenepo. Galu ankadzikokera kuchitseko n'kumalira mpaka amukweze. Mwalawo sanaugonerenso. Miyezi inayi yomwe anakhala ndi moyo anaithera m'galimoto, pakati pa mabokosi, maso ali pachitseko. Anafera pamsewu, galimoto ikuyenda, pakati pa matauni awiri.

Amakina amati amayi ndi mkamwini anapangana kuti galu atsale. Amayi amalumbira kuti ayi, ndipo mwina akunena zoona, koma Amakina amakumbukira mawu aja akuti akafere pakhonde, ndipo amawabwereza nthawi ya chakudya.

Akamadutsa m'tauni ija, amaima pageti la galaja kuti amayi akaone mwana. Mkamwini amatuluka, chipewa m'manja, n'kupereka moni. Amakina satsika. Amakhala pachiwongolero, injini ikulira, phazi lili pabuleki, mpaka amayi atuluke.