Pensulo ya amake Esime

Pabwalo pathu pano ku Alexandra, ku Joni, tilipo mabanja asanu ndi awiri, mpopi ndi umodzi, ndipo wowerenga mabuku ndi mmodzi yekha. Dzina lake ndi Mervis, kwawo ndi ku Ntcheu, khomo lake limayang'anana ndi langa. Ine ndine Veronika, ndimaluka anthu tsitsi pakhonde, ndipo buku ndikangolitsegula tulo timandipeza pa mzere wachitatu. Ndiye musaganize kuti ndikumuchemerera chifukwa timakonda zofanana.

Mervis amagwira ntchito ya m'nyumba ku Rosebank. Mabuku amene abwana ake atopa nawo amabwera nawo kuno, ena amagula kwa oyala malonda pansi m'tauni. Chipinda chawo ndi chimodzi, muli bedi, firiji, ana awiri ndi amuna ake a Arthur, koma mabuku anapezabe malo, pansi pa bedi ndi m'zigubu za penti zimene a Arthur amatola ku ntchito yawo yomanga ku Midrand. Amawerenga m'takisi mpaka kupitirira potsikira. Amawerenga akuphika. Nyemba zimene zapserera m'nyumba imeneyo zikanadyetsa maliro athunthu. Tsiku lina ndinachita kulowa ndekha kukaphula poto, utsi uli tolo, mwini wake ali phee pampando, misozi ili chuchuchu chifukwa munthu wa m'buku wamwalira.

"Amake Luke, mudzatiotchera bwalo lonse ndi anthu anu abodzawa!"

"Amake Esime," anandikonza, osadzutsa n'komwe mutu.

Esime ndiye mwana wake woyamba. Anamusiya ku Ntcheu kwa mkulu wake Angella ali ndi zaka zisanu, akuti ndikakakhazikika ndidzakutenga. Zadutsa zaka khumi. Mapepala anatha masiku, ndipo tonse kuno timadziwa kuti kupita kumudzi n'kosavuta, nkhani ili pobwerera.

Luke ndi Shalom anabadwira kuno. Pakamwa pawo ndi Chizulu ndi Chingerezi, Chichewa amachimva bwino akamakalipiridwa. Loweruka mayi wawo akawakhazika pansi kuti awawerengere, Shalom amagonera pamiyendo, Luke amangoti, "Eish, Mama, ngilambile," kudandaula njala, akalandira buledi uyo wathawira ku mpira. Mervis amangoseka. Amawakonda anawa, amawasambitsa, amawasitira yunifolomu mpaka kuthwa ngati mpeni. Koma Lamlungu tikachoka ku tchalitchi, mtima wake wonse umakhala pa foni.

Makoma athu ndi malata, ndiye ndinkamva zonse.

"Uli bwanji, mwana wanga?"

"Ndili bwino, kaya inu."

"Sukulu?"

"Ili bwino."

Kenako, "Ndikuwapatsa amayi," kutanthauza Angella. Mervis anandiuza yekha mantha ake: kuti mwana adzakula, adzakwatiwa, akumudziwa ngati munthu wina wa ku Joni wotumiza nsapato ndi mafuta odzola.

Tsiku lina Angella anadandaula pa foni kuti Esime wayamba ulesi, ukamutuma kumsika amaima panjira kuwerenga nyuzipepala yokulungira usipa. Mervis anabwera pakhonde panga akuthamanga, ine ndili pakati pa mutu wa kasitomala. "Veronika, ndi wanga! Mwana uja ndi wanga!" Ngati kuti panali wina amene ankamulimbirana.

Apo ndi pamene anagula pensulo. Munthuyu zakukhosi pa foni sizimutuluka, ndiye anayamba kuzilemba m'mphepete mwa masamba, timalemba ting'onoting'ono, m'Chichewa. Ndinaonako zina. "Apa ndinalira." "Bambo uyu ndi wabodza, usamukhulupirire." "Iwe ukanatani?" Pena ankalemba za fungo la mvula yoyamba kwawo, pena za nyimbo imene ankamuimbira ali kumsana. Buku likatha ankalipereka kwa a Tawakali, amene amanyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi mwezi ndi mwezi.

"Anzanu amatumiza mabulangete, inu mukunditumitsa njerwa," ankatero a Tawakali, koma ankanyamula.

Zaka ziwiri, mabuku oposa makumi awiri. Yankho la Esime linali limodzimodzi: "Afika, zikomo." Ine zinkandinyansa. Ndinati mufunseni mwanayo ngati akuona zimene mukulemba. Mervis anakana, akuti chinthu cholembedwa chimadzinenera chokha, mwana akafuna adzayankha. Anthu owerenga ali ndi makani, ndikukuuzani.

Zinaululika Lamlungu lina pa foni ya vidiyo, ine ndilipo. Esime, mtsikana wamtali wa mphumi ya mayi ake, tsiku limenelo anali womasuka. Kusukulu anamusankha kukhala woyang'anira mabuku, ndipo anafuna kutionetsa ake. Anali atawakutira onse ndi pepala la khaki, atawandandalika pa thabwa. Mervis anamupempha kuti atsegule limodzi. Mwana anatsegula, n'kuyandikiza tsamba ku foni. M'mphepete munali mbee.

"Anabwera olembedwalembedwa, ndiye ndinafufuta," anatero monyadira. "Aphunzitsi amati wolemba m'buku ndi mbuli, akakugwira umakakumba dzenje. Ndinatha malabala atatu."

"Sunawerengeko?" Mawu a Mervis anatuluka ngati a munthu wodwala.

"Pang'ono. Ndimati ndi mayi wina amene anali mwini wake kale. Amaoneka kuti anali wachisoni."

Ine mtima unandiphulika, ndinalanda foni. "Iwe mwana iwe! Mayi winayo ndi uyu wakhala apayu! Zaka ziwiri akukulembera, iwe uli kalikiliki ndi labala!"

Nkhope ya Esime inagwa. Anayang'ana buku, anayang'ana ife. "Zolemba zawo sindizidziwa," anatero chapansipansi. "Sanandilemberepo kalata." Foni inaduka.

Ndipo ankanena zoona. Masiku ano ndani amalemba kalata? Mwana ankadziwa mawu a mayi ake, nkhope yawo ya pa foni, koma mmene amapindira "m" wawo sankadziwa. Ndinachita manyazi, ngakhale sindinapepese msanga.

Masiku otsatira Mervis sanagwire buku. Sanandilankhule. Nyemba zinkapsa bwinobwino, a Arthur mpaka anandifunsa ngati akazi awo akudwala. Kunena zoona ndinalisowa fungo la zopserera lija.

Lachinayi dzuwa likupendeka, Mervis atangofika kuchokera ku ntchito, anali pa mpopi kuchapa malaya a Shalom pamene foni inalira m'thumba la epuloni yake. Manja anali thovu lokhalokha, ndiye anandikodola ndi mutu kuti ndimuyankhire. Anali Esime. Pa zaka khumi zonsezo anali asanayambepo yekha kuimba. Ndinakweza mawu a foni n'kuigwirizira pafupi ndi khutu la mayi ake.

Mwana sanapereke n'komwe moni. "Ndikapendeketsa tsamba padzuwa, mmene munadutsa pensulo mukuoneka. Munkadinikiza kwambiri. Ndakopera kale masamba ambiri m'kope. Koma m'buku la mayi wosoka zovala lija, tsamba 88, ndikungoona mawu awiri, 'tsiku lija.' Kwinako ndinafufuta mpaka pepala kunyotsoka. Tsiku lake liti?"

Mervis anatseka maso. Analemba zinthu mazanamazana, m'takisi, pambali pa chitofu, ana akukokana pamiyendo pake.

"Sindikukumbuka, mwana wanga."

Ndinaopa kuti foni iduka.

"Tawerenga tsambalo," anatero Mervis. "Mwina zibwera."

Esime anayamba. Ankawerenga Chingerezi chake cha ku Ntcheu, pang'onopang'ono, kupuma pamene payenera kupuma, mawu a anthu a m'bukumo n'kumawasintha. Mervis anamusiya mwanayu asanadziwe ngakhale a, e, i, o, u, ndipo aka kanali koyamba kumumva akuwerenga. Madzi anadzaza m'beseni n'kuyamba kusefukira pa mapazi athu. Shalom anabwera kudzakoka siketi ya mayi ake, ndinamuopseza ndi diso, anakhala pansi. Pa mzere wachiwiri kapena wachitatu ndinaona Mervis akugwira pakamwa ndi dzanja la thovu lomwelo, ndipo ndinadziwa kuti tsiku lija labwerera lonse.

Tsamba linatha.

"Mwakumbuka?" anafunsa Esime.

Mervis anandiyang'ana, maso ali psuu, n'kupukusa mutu kuti ndisayerekeze kutsegula pakamwa.

"Ayi, sizinabwere," anatero. "Tapitiriza tsamba linalo."