Tsiku limene anatiyesa anamapopa

Zimene ndikuuzanizi si zakumva, ndipo wokayika abwere adzaone chipsera pamwamba pa khutu langa, pamene tsitsi linakana kumeranso. Maina ndiwasunga, poti ena mwa amene anatola miyala tsikulo timagwada nawo m'tchalitchi chimodzi mpaka lero.

Ine sukulu ndinalekezera kwarta, kalasi yachinayi, koma kuwerenga ndiye matenda anga. Ngakhale pepala lokulungira usipa pamsika wa Domwe ndimayamba ndaliwerenga ndisanaone usipawo, mpaka mayi akunyumba amati ndinakwatira jornale, nyuzipepalatu, iwo ndi achiwiri. Ndiye mtsikana wina mtolankhani atabwera kuchokera ku Tete kufuna womumasulira Chinyanja, anthu analoza ine. Anati kunali mpikisano wa atolankhani wolemba za umphawi ndi malungo, ndipo iye ankafuna kuonetsa kuti malungo akwera mpaka kumapiri kuno, kumene makolo ankati udzudzu umaopa chisanu. Nanga ndikanakana? Ndinavala kazako wanga, jekete la paukwati, londithina kale m'khwapa, n'kumadziona ngati jornalista nanenso.

Tinatsagana ndi bambo wa zaumoyo amene amayenda ndi bokosi la mankhwala panjinga, kupita kumudzi wa tsidya la dambo kumene kumakhala mlongo wanga. Pansi pa mitengo ya mapichesi, bamboyo ankabaya ana pachala n'kudontheza magazi pakapulasitiki koyera, ndipo mizere iwiri ikatuluka ndiye kuti malungo alimo. Inatuluka pa ana ambiri, kuphatikizapo mwana wamkazi wa mlongo wanga, kamtsikana kokonda kundipisa m'thumba kufuna masiwiti. Aliyense wopezeka nawo analandira mapiritsi.

Mtolankhani uja anapempha timapulasitiki togwiritsa kale ntchito tija kuti atiyale pansalu ya kapulana n'kutijambula, koma mvula itayamba kuwaza anatikokolola n'kutiika m'pasta, chikwama chake, kuti akajambule pabwino. Ine, wowerenga wamkulu, sindinaonepo cholakwika, chonsecho masiku amenewo mphekesera za anamapopa, opopa anthu magazi, zinali zitadzaza mbali zonse ziwiri za malire a dziko.

Panalibe amene anakuwa. Amayi anangoyamba kubereka ana n'kumachoka mmodzimmodzi, kenako ndinaona amuna akutsika m'minda ya mbatata, makasu ali pamapewa. Mkulu wina wondidziwa kuyambira ndili wamng'ono ananditchula ndi mfunda wanga mwaulemu, n'kundifunsa kuti magazi a ana awo akupita nawo kuti. Apa ndi pomwe lilime langa lozolowera mabuku linatipereka. Ndinafotokoza bwinobwino kuti ntchito ya mlendoyu ipita kunja kwa azungu, ndipo ikakawasangalatsa akalandira mphoto. Kodi munthu wamantha akanamva chiyani pamenepo? Mwala woyamba sindinauone, ndinangomva kutentha kukuyenderera m'khosi mwa kazako.

Anatizinga. Mtolankhani anagwira mkono wanga akundifunsa m'Chipwitikizi kuti akuti chiyani, ndipo ndinamunamiza kuti akungofuna pasta, pomwe wina kumbuyo ankaitanitsa petulo wa m'njinga yamoto. Anatipulumutsa ndi mlongo wanga, amene anadziponya pamwamba panga n'kunena kuti ayambe aotcha iye, popeza tinayamwa bere limodzi. Atakangana okhaokha, anagwirizana zoti atisiye koma zonse tinabwera nazo zipse. Anasonkha moto n'kukhuthuliramo pasta ndi bokosi, kenako aliyense anabweza mapiritsi amene analandira. Ndinaona ndi maso anga mlamu wanga akuponya pamoto mapiritsi a mwana wake.

Bala litangouma ndinabwerera ndi mapiritsi ena a kuchipatala, koma mlamu anandiimitsa padambo. Anati mwanayo zikhatho zayera mbuu ngati ufa, nanga umboni wina ndi uti woti magazi ake tinapita nawo? Ndinayesa kumuuza kuti malungo ndiwo amamaliza magazi chonchi, koma anayankha kuti zowerenga zanga zawakwana. Mwanayo atayamba kukomoka ndi pamene anamukweza panjinga, ndipo anatsirizikira panjira yopita kuchipatala cha ku Ulongwe. Pamaliro, ine atsibweni ake, woyenera kulankhula m'malo mwa banja, ndinaima kutali pafupi ndi nkhokwe ngati mlendo wodutsa.

Wa zaumoyo uja sanapondekonso kumudziko, ndipo chaka chimenecho timanda tating'ono tinawonjezeka. Mtolankhani anandiimbira kamodzi akulira, ndipo ngati analemba nkhaniyo kapena anapambana, sindidziwa. Mlongo wanga timapatsana moni, koma za mwanayo sitinakambepo.

Lero sindikhulupirira kuti anthu aja anali oipa. Munthu amene walandidwa zambiri ndi alendo osamufotokozera amateteza ngakhale kadontho kamodzi ka magazi a mwana wake, ndipo mvula ikagwa udzudzu umabwerabe, wopanda pasta, wopanda womugenda. Ndiye inu obwera kudzalemba za umphawi wathu, khalani pansi kaye ndi eni ana, muwauze zonse musanatulutse kamera, ndipo kalikonse kokhala ndi magazi kasiyeni pomwepo iwo akuona. Mukafuna womasulira, musatengeke ndi wovala kazako. Inu mudzakwera minibasi ya shapa n'kubwerera kwanu, koma mapiritsi akapsa, wotsala ndi malungo ndi mwana.