Kakhadi ka a Pyo Damaso

Zoti a Pyo Damaso anali ndi mkazi wachiwiri ku Mokpo ndi bodza, ndipo amene mukuzinenabe musiye, munthu tamuika kale m'manda. Ku Mokpo, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ankapita kukagulitsa nsomba zouma basi. Ndi nkhope imene ija, mkazi mmodzi yemweyo kunali kuchita mwayi.

Choona n'chakuti anatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osalapa, osalandira Ukaristia. Pa chilumba chathu Abambo, ansembe athu, amabwera kawiri pa chaka, Pasaka ndi Khirisimasi zikayandikira. Mkhristu aliyense amapatsidwa kakhadi ka dzina lake koti akasiye polapa, ndipo kako kakapanda kuoneka zaka zitatu, ku parishi amakulemba m'gulu la ozizira. Wogawa timakhadito m'dera lathu ndine, Yeo Rufina.

A Damaso sanali munthu wozizira. Wina akamwalira, ndiwo ankasambitsa mtembo, kuuveka, n'kutsogolera nyimbo za maliro. Injini ya boti inawagonthetsa makutu akadali ndi mphamvu, choncho ankaimba patsogolo okha, ife tikuwathamangira pambuyo. Polankhula ankakuwa ngati akuitana munthu wa chilumba china.

Chaka chimene analapa komaliza tinkalapira kuseri kwa chitseko cha pepala, ena tili pa mzere panja. Atalowa a Damaso, mawu awo anamveka mpaka pakhomo povulira nsapato. Amuna anayamba kutsokomola dala. A Agata, mkulu wa amayi pa tchalitchi, anakweza mawu a pemphero la korona. Ine ndinatchera khutu. Zimene ananena sindilemba. Kanali katchimo kochititsa manyazi, ka mtundu woti aliyense ali nako kake.

M'mawa mwake tinali kwa a Agata, azimayi asanu ndi atatu, tikupaka tsabola m'kabichi wosunga, wotchedwa kimchi, wodya nyengo yozizira. Ndinawayesezera a Damaso, mawu ndi kapumidwe komwe. Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mapewa, poti manja anali atsabola.

"Iwe Rufina, pakamwa pakopo padzakuwotcha," anatero a Agata. "Womva za polapa amamangika ngati wansembe yemwe, sudziwa?"

"Ine sanandidzoze, achemwali. Ndinangobadwa ndi makutu."

Sabata isanathe, amuna a pa doko anayamba kuwalonjera a Damaso ndi mawu omwe aja, mokuwa kuti amve bwino.

Kuyambira apo, ndikawapatsa kakhadi ankalandira ndi manja awiri, n'kuwerama mwaulemu, koma polapa osaonekako. Pa Misa ankagwada kumbuyo. Anthu ofuna chifukwa anadzipangira mkazi wa ku Mokpo uja, ndipo ine sindinatsutse, poti bodzalo linkandifunditsa bwino.

Langa tchimolo ndinalapa monong'ona, ndipo Abambo anati ndikapepese. Ndinapita ndithu. Koma kupepesa kwa munthu wosamva kumafuna kukuwa, ndipo nyumba zathu n'zogundana makoma. Ndinawapeza akusoka ukonde pakhonde.

"Achimwene, ndabwera ndi mawu."

"Wati chiyani?"

Ndinayang'ana mazenera a anthu. "Ndati mphepo yakula lero."

"Wayendera zimenezo? Ndili ndi khungu pathupi, mlongo wanga, mphepo ndimaimva ndekha."

Ndinapita katatu pa zaka zonsezo. Kachiwiri ndinakamba za mtengo wa mchere, kachitatu ndinangosiya mbatata zowotcha. Ndikanatha kulemba kalata, koma ndinkaopa kuti pepala limasungika.

Mwezi wa February chaka chino anadwala chifuwa. Mkazi wawo, a Sesiliya, anafuna kutumiza uthenga kwa Abambo kuti adzawalapitse ndi kuwadzoza.

"Dikira kaye, mayi," anatero a Damaso. "Khomali ndi lopyapyala, ndipo kuseri kwake kumakhala Rufina."

Ananena akuseka, koma mokuwa monga mwa masiku onse, ndipo ndinamva ndili m'khitchini mwanga. Ndikanalowa pomwepo n'kupepesa mokuwa nanenso. Ndinapitiriza kutsuka mpunga.

Pamene a Sesiliya anadzaitana Abambo osawafunsanso amuna awo, nyanja inali itaipa, maboti osawoloka masiku atatu. Abambo anafika ndi mafuta odzozera odwala mtembo utavekedwa kale, ndipo unavekedwa mokhota, chifukwa wodziwa ntchitoyo ndiye anali atagona.

A Damaso anasiya kulapa chifukwa ine ndinaulula zimene ndinamva pa chitseko chija.