Injini Yanu Aiika M'chigayo

A Tembo, amuna anga, lero ndadutsa ku Woodlands kwa mng'ono wanu. Motoka yanu yofiira ija ya mipando iwiri, imene anaitenga maliro anu asanathe n'komwe, aikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba. Mawilo palibe. Pamalo pa injini nkhuku ikufungatira mazira. Nditafunsa, ba mulamu andiyankha uku akutokosa m'mano: "Injini ili ku famu, iyendetsa chigayo. Mufuna izikhala chabe?"

Ndakumbuka Loweruka lija kwathu ku Kabwata, injini yakale itafa, mutabwera ndi injini imeneyi kuchokera ku magalaja a ku Heavy Industrial. Munaipachika ndi tcheni pamtengo wa mango, ine nditagwira mbali inayo, inu n'kumakuwa: "Amake Tiza, tsitsani pang'onopang'ono, si thumba la malasha ili!" Italira, munavina muli bii ndi oyilo mpaka anansi anasuzumira pampanda. Munaisaka zaka zitatu, a Tembo, lero ikugaya zakudya za nkhumba. Madzi amene andipatsa pakhomo pa mng'ono wanuyo ndawasiya osamwa, ndipo sindidzapondaponso.