Mzere Wofiira pa Khonde la ku Kabwata

Nyumba imene anathamangitsamo mkazi wanga, lero akuionetsa kwa alendo. Ndi imodzi mwa nyumba zozungulira, zofolera ndi udzu, zimene anazisiya ku Kabwata, mu Lusaka, pogwetsa zinzake. Chitseko n'chimodzi, zenera ndi kabowo chabe. Ndinkakhalamo m'zaka za Chitaganya, ndili pa ntchito yosanja zilembo kosindikizira nyuzipepala.

Nyumbazo zinali za amuna okhaokha. Wofuna kukhala ndi mkazi ankayenera kuonetsa chikalata cha ukwati chodindidwa ku boma. Ine ndinalibe. Ukwati wathu anaumanga ankhoswe kwathu kum'mawa, kumene mawu a nkhoswe amakwana.

Mkazi wanga anabwera pa lole ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Tinapangana kuti asamaoneke: aziphikira m'nyumba, madzi ndizitunga ine, chitenje asayanike panja. Anasunga zonsezi milungu itatu. Chimene sindinamuletse, poti sichinandibwerere m'mutu, ndi kuzira.

Loweruka lina nditaweruka masana ndinapeza pansi ponse atazira, posalala, ndipo m'munsi mwa khoma la pakhonde munali mzere wa dothi lofiira.

"Mwatani apa?" ndinamufunsa.

"Ndazira. Mwana adzabadwire pa fumbi ngati mbuzi?"

"Munaonapo kuti mwamuna akuzira nyumba?"

Anaseka. "Mukawauze kuti mwaphunzirira m'tauni muno."

Lolemba m'mawa, ndikutuluka kupita kuntchito, ndinapeza kapitawo wa komboni ataima pakhomo, ndodo ili m'khwapa. Sanayang'ane ine. Ankayang'ana mzerewo.

"Shani, ba nyuzipepala?" anandilonjera m'chiyankhulo chakwawo. "Manja abwino awa. Muitaneni mwini wake."

Anatipatsa masiku awiri kuti mkazi wanga achoke. Ndinathamangira ku ofesi ya komboni ndi kalata imene nkhoswe wanga anandilembera. Kalaliki anaiwerenga mpaka pansi n'kundibwezera. Inalibe chidindo.

Lachitatu ndinamukweza lole ya ku Fort Jameson, kwathu kum'mawa. Anakhala pa matumba a mchere, atagwira mimba ndi manja onse awiri. Msewu unali wa fumbi ndi maenje. Mwana anabadwa masiku asanakwane, ndipo sanalire. Mkazi wanga sanafunenso kumva za Lusaka. Anakhala kwawo mpaka imfa yake, ine ndikumapita kamodzi pa chaka.

Mwezi watha ndinapitako ku Kabwata. Mayi woonetsa alendo anandilowetsa m'nyumba yomweyo.

"Muno munkagona amuna okhaokha, agogo," anandiuza.

Sindinamutsutse. Ndinatuluka, n'kugwada pakhonde. Pafupi ndi mphuthu ya chitseko, pamene mvula sifika, dothi lofiira likuonekabe, kutalika kwake ngati chikhatho changa.

Mayiyo anayesa kuti ndikuona kuwonongeka kwa khoma, ndipo anandilimbitsa mtima. Akuti mvula isanayambe abwera amisiri kudzathira simenti pansi ndi kupaka laimu makoma onse.